Mazoa Akayamba Kufota M'thanki: Poyambira Kufufuza Kuno ku Tete

Mazoa (zoanthids) ndi makorali ofewa, tizamoyo ta m'nyanja tomera pamwala m'magulu a timitu tonga timaluwa, amene anthu amasunga m'thanki ya nsomba ya madzi a mchere. Akatseka timitu tawo tsiku limodzi kapena awiri, musathamangire mankhwala. Amatseka nkhono ikawakwera, amatseka mukawasuntha malo, ndipo amene angotsika kumene pa ulendo wochokera ku Maputo kapena ku Johannesburg akhoza kukhala chitsekere sabata yathunthu, mwinanso kupitirira. Nkhawa iyambe pamene gulu lomwe linkatseguka bwino lakhala lotseka masiku ambiri, timitu tikunka tichepa, mtundu ukufwifwa, kapena mnofu wolumikiza timituto pamwala wayamba kusungunuka.

Ife a kuno nyanja ya mchere ili nafe kutali. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo wa ku Ulónguè kapena ku Furancungo awonjezerepo ena. Mchere wa m'thanki, zopimira madzi ndi mankhwala timachita kuitanitsa n'kudikira. Chotsala m'manja mwathu ndi maso ndi ndondomeko, ndipo ndondomekoyo mutu wake ndi umodzi: pezani kaye kuti vuto lagwira ati n'kusiya ati, kenako muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Munthu amene pa tsiku limodzi wasintha theka la madzi, watsitsa nyale, wathira ayodini n'kusunthanso mwala, mazoa ake akachira sadziwa chawachiritsa, akafa sadziwa chawapha. Kawirikawiri chowamaliza chimakhala chipwirikiti chomwecho.

Dzanja lisanalowe m'madzi

Apa sindinyengerera munthu. Mazoa ena, makamaka a mtundu wa Palythoa, aja a timitu tikulutikulu tobiriwira kapena tofiirira, ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin. Asayansi anamupatula koyamba mu 1971 kuchokera ku mazoa a ku Hawaii, ndipo ali m'gulu la apoizoni oopsa kwambiri odziwika m'chilengedwe. Ndi maso simungasiyanitse gulu lomwe lili naye ndi lomwe lilibe, choncho onse muwatenge kuti ali naye. Mankhwala othetsa poizoniyu kulibe. Kuchipatala amangothandiza thupi kulimbana ndi zizindikiro zake.

Valani magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso, chifukwa kamutu kakapanika kamatha kulavula madzi molunjika kumaso. Ngati muli ndi bala padzanja, ntchitoyi idikire kapena agwire wina. Mwala wa mazoa osauwiritsa, osauthira madzi otentha, osaukwecha ndi burashi uli pamtunda, pakuti nthunzi ndi timadontho touluka ndi zimene zagoneka mabanja athunthu m'chipatala m'maiko ena. Ana ndi agalu akhale kutali, zenera likhale lotsegula, ndipo beseni la ntchitoyi lisabwererenso kukhitchini. Mukamva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kutsokomola, kubanika, kutentha thupi kapena kuphwanya kwa minofu mutagwira mazoa, pitani kuchipatala msanga ndipo mukanene poyera kuti munagwira korali ya poizoni. Kuno munthu akatentha thupi aliyense amayamba waganiza malungo, ndiye musayembekeze kuti adokotala alota okha.

Choyamba, kokani mpando

Musanapime chilichonse, khalani kutsogolo kwa thanki nyale zitayaka maola awiri kapena atatu. Atseka onse kapena gulu limodzi? Makorali ena ali bwanji? Nsomba zikupuma motani? Nkhono zikadali pagalasi, kapena zagwa chagada pamchenga?

Mayankho a mafunso amenewa amadula theka la ntchito. Thanki yonse ikakhala yokwinya, mazoa onse otseka, makorali ena ofota, nkhono zikugwa, vuto lili m'madzi: kutentha, mchere, kapena china chake chalowamo. Gulu limodzi likamavutika pamene la pambali pake likutseguka bwinobwino, madzi musayambe ndiwo kuwakayikira, ganizani za tizilombo, matenda kapena mnansi woluma. Akamavutika a pamwamba okha a pansi ali bwino, yang'anani nyale. Ikatseka mbali imodzi ya gulu, onani chili mbali imeneyo, kaya ndi pampu yowomba molunjika kaya korali ina. Ndipo vuto likamachoka pa gulu ili n'kupita pa loyandikana nalo sabata ndi sabata, dziwani kuti pali chamoyo chimene chikuyenda.

Kenako kumbukirani zimene zasintha m'masabata awiri kapena atatu apitawa: thumba latsopano la mchere, nyale yatsopano, nsomba yatsopano, kachidutswa ka korali kochokera kwa mnzanu, tsiku lija magetsi anazima nthawi yaitali, mphwanu amene anadyetsa nsomba inu muli pa ulendo. Mazoa sayankha tsiku lomwelo, zimene mukuona lero nthawi zambiri zinayamba kale. Yambani kujambula ndi foni tsiku lililonse, pa ola lomwelo, mutaima pomwepo. Maso amene amaona thanki tsiku ndi tsiku amazolowera, chithunzi ndicho chimaulula kuti timitu tikuchepa kapena ayi.

Chachiwiri, kutentha ndi mchere

Kwa ife a m'chigwa cha Zambezi, mu Tete ndi ku Moatize, wokayikiridwa woyamba ndi dzuwa. Mazoa amafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27, osasinthasintha. Mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 40, nyumba ya malata imasunga kutenthako mpaka usiku, mapampu ndi nyale n'kuwonjezeranso kwawo. M'mnofu wa mazoa mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zooxanthellae, zimene zimawapangira chakudya kuchokera ku kuwala. Madzi akafika pa 29 kapena 30 n'kukhalapo masiku angapo, mgwirizanowo umasokonezeka, nderezo zimatuluka, mazoa n'kuyera n'kuyamba kuonda. Madzi otentha amasunganso mpweya wa okosijeni wochepa, n'chifukwa chake mumaona nsomba zikupumira m'mwamba.

Ambiri amapima m'mawa pochoka kupita kuntchito, n'kumanena kuti kutentha kuli bwino. Pimani cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana, mupimenso m'bandakucha, mulembe manambala onse awiri. Akasiyana kuposa madigiri 2, kusiyanako nako ndi vuto palokha. Themomita imodzi musaikhulupirire, makamaka ija yomata kunja kwa galasi, yomwe imapima mpweya wa m'chipinda kuposa madzi.

Njira yotchipa ndi fani yowomba pamwamba pa madzi. M'chilimwe, mpweya uli wouma, imatha kutsitsa digiri imodzi mpaka atatu, koma mu Januwale ndi Febuluwale, kuli chinyezi, mphamvu yake imachepa. Chotsani chivindikiro cha galasi muikepo neti kuti nsomba zisadumphe. Nyale muzisunthire madzulo kuti zisamayake nthawi imene nyumba yatentha kale. Mabotolo a madzi oundana a mu geleira, otsekedwa bwino, ndi a tsiku la ngozi lokha, ndipo muziika limodzilimodzi, chifukwa kutsika kwadzidzidzi kumapweteka chimodzimodzi ndi kukwera. Chiller, makina oziziritsa madzi a m'thanki, ndiyo imathetsa nkhaniyi, koma ndi yodula ndipo imadya Credelec. Maganizo anga ndi akuti amene ali mumzinda wa Tete ndipo alibe chiller kapena chipinda choziziritsidwa asagule mazoa odula chilimwe chisanadutse, ayambe waona mmene thanki yake imapirira Novembala.

A ku Angónia ndi ku Tsangano nkhani yanu ndi ina. Usiku wa Juni ndi Julayi thanki yopanda hita yotenthetsera madzi imazizira kwambiri, mazoa n'kukwinyika osatseguka. Onaninso ngati hita ikuzima yokha ikafika pa mulingo, chifukwa ina imakanirira n'kuphika thanki usiku umodzi.

Magetsi akazima, choopsa choyamba ndi kuima kwa madzi. Kapampu ka mpweya ka mabatire kamapulumutsa zambiri, ndipo ngati mulibe, tungani madzi ndi jagi n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba pafupipafupi. Magetsi akayaka, pimani amoniya, poizoni wotuluka m'zinthu zovunda, masiku awiri otsatira, popeza kanthu kakhoza kukhala katafera kuseri kwa miyala.

Fani ija ili ndi mtengo wake. Madzi akamauma, mchere umatsala. Thanki ya malita 100 yokhala ndi mchere wa 35 (magawo 35 pa 1,000 alionse) ikataya malita 5, mcherewo wafika pafupifupi 37, ndipo m'chilimwe fani ikuwomba malita 5 sachedwa kutha. Mulingo woyenera ndi 35, kapena 1.025 mpaka 1.026 pa muyeso wina uja wa kulemera kwa madzi. Matani katepi pagalasi posonyeza pamene madzi ayenera kulekeza, ndipo tsiku lililonse muzibwezera ndi madzi opanda mchere. Ndikubwereza: opanda mchere. Wobwezera ndi madzi a mchere amakweza mulingo pang'onopang'ono mpaka mazoa onse atatseka, iye akufunafuna tizilombo tomwe kulibe. Kudikira sabata n'kuthira ndowa yathunthu kamodzi nakonso n'kulakwa, chifukwa mchere umakwera n'kugwa mwadzidzidzi.

Chopimiracho nacho chiyeseni. Refractometer, chopimira mchere chosuzumiramo ndi diso, imasokonekera ikagwa kapena ikakhalitsa, ndipo imafuna kukonzedwa ndi madzi ake oyesera a 35. Chopimira china cha pulasitiki cha kamuvi chimanama kathovu kampweya kakamatirira pa kamuviko. Mukapeza kuti mchere wapitirira, musaugwetse tsiku limodzi, tsitsani 0.001 patsiku.

Madzi obwezerawo akhale osefedwa ndi makina a RO/DI, ndipo kachipangizo ka TDS, kopima zosungunuka zotsala m'madzi, kaziwerenga 0 kapena pafupi ndi apo. A pampopi ali ndi klorini, a pamjigo amabwera ndi michere ya m'nthaka imene imadyetsa ndere. Nyengo ya mvula, madzi akamabwera ndi matope, zosefera zimatha msanga. Munthu akhoza kukhala ndi makina abwino koma n'kumathira madzi oipa osadziwa.

Chachitatu, zopima zotsala

Amoniya akhale 0, palibe zokambirana. Alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ikhale pakati pa 7 ndi 11 pa muyeso wake wa dKH, koma chofunika kuposa nambalayo n'chakuti isadumphedumphe, ndipo mukafuna kuikweza musapitirire 1 dKH patsiku. Calcium ya 400 mpaka 450 ndi magnesium ya 1,250 mpaka 1,350 n'zabwino kuzidziwa, komabe mazoa samanga chigoba cha mwala, choncho si kawirikawiri kuti vuto lawo lichokere kumeneko.

Pa nitrate ndi phosphate, michere yochokera ku zotsala za chakudya ndi ndowe za nsomba, ndipo anthu amasochera. Amene anazolowera nsomba za m'madzi opanda mchere amadziwa kuti madzi akayera kwambiri ndiye bwino. Mazoa safuna choncho. Nitrate ikafika pa 0, phosphate nayo pa 0, amafa ndi njala: timitu timachepa, mtundu umatuwa, ena amangozimiririka popanda bala lililonse. Amakula bwino nitrate ili cha pa 5 mpaka 15 ndi phosphate cha pa 0.03 mpaka 0.1. Zikakhala ziro, chotsani mankhwala oyamwa phosphate, chepetsani maola a skimmer (makina ochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu), wonjezerani pang'ono chakudya cha nsomba. Zikakwera kwambiri, mazoa amasanduka ofiirira ndipo ndere zimamera pakati pa timitu n'kumatikwirira. Apo chepetsani chakudya ndipo muzisintha madzi pang'onopang'ono, 10 kapena 15 peresenti pa sabata.

Timabotolo topimira timawonongeka ndi kutentha. Onani deti, ndipo musamatisunge pawindo kapena m'galimoto. Nambala ikakudabwitsani, pimaninso musanachitepo kanthu.

Chachinayi, zolowa kudzera mumpweya ndi m'manja

Mfundo iyi ndi yathu kwambiri kuno, chifukwa timakhala ndi udzudzu. Mankhwala opopera m'nyumba ndi aja oyatsa ofuka utsi ndi poizoni kwa nsomba ndi zamoyo zopanda mafupa za m'thanki, ndipo skimmer imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuulowetsa m'madzi. Funsani apabanja ngati wina anapopera m'chipindamo. Akabwera opopera nyumba a malungo, zimitsani skimmer ndi pampu ya mpweya, phimbani thanki bwinobwino, muvundukule chipinda chitapitidwa mphepo. Mafuta odzola, sopo, mankhwala opaka othamangitsa udzudzu ndi dizilo wa m'zala za amakaniko zonse zimalowa ndi mkono. Fumbi la chilimwe, ndi la malasha kwa a ku Moatize, limaunjikana pamwamba pa madzi, ndiye thanki isakhale pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu.

Tulutsani mapampu ndi maginito opukutira galasi muone ngati pulasitiki yang'ambika n'kutulutsa dzimbiri. Funani sikuluwu, waya kapena ndalama yachitsulo imene inagweramo. Kopa amapha makorali ngakhale atachepa chotani, ndipo mankhwala ambiri ochiza timadontho toyera pa nsomba ali ndi kopa. Amenewo asayandikire thanki ya makorali. Mukakayikira kuti china chalowa, sinthani 20 mpaka 25 peresenti ya madzi, mubwereze patapita masiku awiri, ndipo ikani activated carbon, makala apadera oyamwa zoipa m'madzi, watsopano wotsukidwa bwino. Makala a pambaula si omwewo, musayerekeze.

Chachisanu, tochi usiku

Manambala onse akakhala bwino koma gulu limodzi likuthabe, dikirani usiku. Nyale zikazima kwa ola limodzi kapena awiri, bwerani ndi tochi ndi galasi lokulitsa, muyandikire. Musayang'ane nkhope za timitu, yang'anani m'mapesi mwake ndi m'mipata ya pansi.

Mdani wamkulu ndi nudibranch wodya mazoa, kankhono kopanda chigoba, kotalika mamilimita ochepa, kokhala ndi timinyanga tofewa pamsana. Chovuta chake n'chakuti kamatenga mtundu wa mazoa amene kakudya. Pa gulu lobiriwira kamakhala kobiriwira, pa la olenji kamakhala ka olenji, ndipo timinyanga take timafanana ndi timphonje ta kamutu kotseka. Mukhoza kukayang'anitsitsa osakaona, mpaka mutazindikira kuti kamutu kena kakuyenda. Nyale ya buluu imathandiza, chifukwa kamawala monga amawalira mazoawo koma pamalo pamene sipayenera kukhala kamutu, pagalasi kapena pamwala wopanda kanthu. Mazira ake ndi kaulusi koyera kopindidwa ngati nkhata, komatidwa m'mbali mwa phesi la kamutu kotseka. Mukaona kankhata kameneko, mlandu watha.

Wina ndi nkhono yotchedwa sundial, ya chigoba chaphwatalala chozungulira, cha timadontho takuda ndi toyera. Masana imabisala pansi pa timitu. Imeneyi njosavuta, ichotseni ndi kopanira, koma mufunenso ana ake. Palinso akangaude a m'nyanja, ang'onoang'ono, a miyendo yopyapyala, otuwa, amene amakangamira patsinde ndipo ena amalowa mkati mwa kamutu. Tizamoyo tooneka ngati nyenyezi totchedwa asterina tambiri timangodya ndere, koma mukakapeza kena kali pa kamutu usiku uliwonse ndipo kamutuko kakutha, kachotseni. Mukaona ulusi wa mamina ukuuluzika pamwamba pa gulu, utsatireni mpaka pa kapaipi kolimba kali pamwala: ndi nkhono ya vermetid, ndipo ulusi wakewo umakwiyitsa mazoa mpaka kusatseguka. Thyolani kapaipiko kapena mukatseke ndi guluu wa superglue. Timbalanga, tizilombo ting'onoting'ono timene timayenda usiku pamiyala totchedwa amphipods, mukatipeza pa gulu lovunda musafulumire kutiimba mlandu, nthawi zambiri timabwera kudzadya zofa kale.

Timatuza toyera kapena tachikasu pamapesi, tosayenda ndiponso tosachoka mukapopera madzi, ndi matenda otchedwa zoa pox. Amafalikira, choncho gulu limenelo lipatulidwe. Osunga makorali akhala akuwachiza pomiza gululo mu mankhwala a nitrofurazone m'kabeseni kapadera, osati m'thanki.

Nsomba nazo zizondeni, koma masana, mutakhala patali kuti zisakuoneni. Angelfish, butterflyfish, filefish ndi foxface zonse zimadziwika ndi kujompha mazoa, ndipo ina imakhala chaka osakhudza kenako n'kuyamba. Chizindikiro chake ndi timitu toduka timphonje kapena tosowa tathunthu, mnofu wapansi uli bwino. Nkhanu yobiriwira ija yogulidwa kuti idye ndere nayo ikamva njala imatembenukira komweko.

Chachisanu ndi chimodzi, kumiza m'mankhwala

Konzani mabeseni awiri oyera mkati, kuti zogwa zioneke. Loyamba ndi la mankhwala, lachiwiri ndi la madzi a m'thanki otsukulutsira. Mankhwala akhoza kukhala ogula monga Coral Rx kapena Revive, kapena ayodini wa Lugol. Tsatani mulingo ndi mphindi zolembedwa pabotolo, osawonjezera poganiza kuti achira msanga. Ngati mulibe chilichonse, mazoa amapirira kumizidwa mphindi 2 kapena 3 m'madzi a RO opanda mchere ofunda mofanana ndi a m'thanki, chinthu chimene makorali ambiri sangapirire. Dikirani timitu titseke kaye musanamize.

Ali m'besenimo, poperani madzi pakati pa timitu ndi sirinji yopanda singano, mugwedeze mwala pang'ono. Pakapita mphindi imodzi muyamba kuona zogwa pansi: timbalanga tikuphiriphitha, tinyongolotsi, ndipo ngati mulidi nudibranch muona tinthu topindika tikugubuduka. Unikani pansi pa beseni ndi tochi, chifukwa umboni wanu uli pamenepo. Tsukuluzani mu beseni lachiwiri musanabwezere.

Mankhwala sapha mazira. Amenewo muwapale ndi kamtengo kotokosera mano, mwala uli m'madzi, magalasi ali kumaso. Bwerezani kumiza patapita masiku 3 kapena 4, mpaka masabata atatu kapena anayi, kuti aliyense woswa akumane ndi mankhwala asanaikire ake. Ambiri amamiza kamodzi, mazoa n'kutseguka, iwo n'kusangalala, mwezi usanathe tizilombo tabwereranso. Ngati muli ndi kathanki kena, ngakhale ka malita 20 kokhala ndi pampu ndi kanyale, magulu onse a mazoa akhale mmenemo nthawi imeneyi kuti otsala m'thanki yaikulu asowe chakudya.

Gulu likakwiriridwa ndi ndere zaubweya, água oxigenada wa ku farmácia, uja wa 10 volumes amene ndi 3 peresenti, amathandiza. Musungunule kwambiri ndi madzi a m'thanki, mumize mphindi zochepa, ndipo muyambe mwayesa pa kachidutswa kamodzi kotchipa, chifukwa mitundu ina simupirira. Akatero mazoa amatseka masiku angapo, zimenezo zisakudabwitseni.

Nyale, kayendedwe ka madzi ndi anansi

Mapesi akamatalika, timitu tikukwera m'mwamba, mtundu ukufiirira, kuwala kwachepa. Timitu tikakhala tating'ono, tomatirira pamwala, totuwa, totseguka m'mawa n'kutseka masana, kuwala kwachuluka. Kwa amene ali ndi chopimira, mazoa ambiri amakhala bwino pa PAR (muyeso wa mphamvu ya kuwala) ya 50 mpaka 150. Nyale za LED zimanyenga, m'maso zimaoneka zofatsa pamene korali ikupsa. Mukakayikira tsitsani gululo pansi, chifukwa kuchepa kwa kuwala kumapha pang'onopang'ono ndipo kumakupatsani nthawi, pamene kuchuluka kumapha msanga. Mukasuntha, lisiyeni pomwepo masabata awiri.

Madzi aziyenda mokwanira kugwedeza timphonje, osati kupinda kamutu. Poperani ndi sirinji pakati pa gulu, ndipo likatuluka fumbi lambiri, madzi sakufika pamenepo ndipo zinyalala zikuvunditsa tsinde. Nthawi zina mazoa amatseka masiku angapo atakutidwa ndi kakhungu konyezimira, madzi akakachotsa amatseguka okha.

Anansi oluma amaoneka usiku womwe uja wa tochi. Makorali otchedwa torch, hammer ndi Galaxea amatulutsa timanja tatitali toluma tomwe masana simutiona. Aiptasia, kachamoyo konga duwa kofiirira koonekera mkati, kamamera pakati penipeni pa gulu n'kumaluma oyandikana nako. Makorali achikopa monga Sarcophyton saluma, koma amatulutsa mankhwala m'madzi, ndipo activated carbon amachepetsa zimenezo.

Gulu likayamba kusungunuka

Mnofu ukasanduka phala lofiirira kapena loyera, ukununkha, nthawi yodikira yatha. Tulutsani mwalawo muuike m'beseni la madzi a m'thanki. Ndi lezala latsopano dulani mnofu wapansi pamalo pomwe pakadali polimba, kusiya timitu tiwiri kapena titatu tooneka tabwino kumbali yovundayo. Ndi bwino kutaya tabwino pang'ono kusiyana ndi kusamutsa matenda. Dulani zonse zili pansi pa madzi, nkhope ili patali. Mbali yabwinoyo imizeni mu ayodini, muimate pa kamwala katsopano ndi superglue ya jelo, muiike pansi pomwe kuwala n'kofatsa ndipo madzi akuyenda bwino. Ngakhale timitu titatu tokha tikapulumuka, gulu limabwereranso pakapita miyezi. Kamutu kotseka koma kolimba mukakakhudza ndi kopanira kakadali ndi moyo, musakataye.

Zotayidwazo, mwala, mnofu wovunda ndi madzi a m'mabeseni, musazikhuthulire pabwalo pomwe ana amasewera ndi nkhuku zimapalasa. Zimizeni mu jiki wosungunula, gawo limodzi la jiki pa magawo 9 a madzi, kwa mphindi 30, kenako zolimbazo muzimange m'pulasitiki musanataye. Lezala, kopanira ndi mabeseni zilowenso mu jiki momwemo, ndipo muzitsukuluze kwambiri n'kuziyanika padzuwa zisanakhudzenso madzi a m'thanki. Kachidutswa kalikonse katsopano, kaya kachokera kusitolo kaya kwa achimwene anu enieni, kayambe kamizidwa m'mankhwala, kachotsedwe pa kamwala kake kakale, kakhale m'kathanki kapadera masabata anayi musanakalowetse m'thanki yaikulu.